Kamera Yogona M'nyumba

Dzina lawo la ubatizo ndi Sellina, koma ukafunsa dzina limenelo kumudzi kuno anthu angokuyang'ana kukamwa. Uziti a Nangozo, mayi wamfupi uja wolima tomato m'munsi mwa phiri la Masuku. Pamenepo ndiye aliyense akulozera njira.

Si obadwira kuno ayi. Kwawo ndi ku Kasinje. Anabwera ngati mtengwa ali mtsikana, atalowoledwa ndi malemu a Silvester, mlenje amene agalu ake ankatchuka mpaka pa Manjawira. Mkazi sankapita ku uzimba, koma tsiku la kunkhuni bamboyo ankawaperekeza, n'kumaloza pansi ndi luti la mkondo. "Taonani apa, Nangozo. Uyu ndi gwape, wadutsa mame asanaume. Izi ndi nguluwe, zili ndi ana." A Nangozo ankangopenyetsetsa pansipo. Ndi munthu wa mawu ochepa chibadwire, koma maso awo sataya kanthu.

A Silvester atamwalira agalu anabalalika, ng'ombe zinapita ndi abale a mwamuna. Munda wakumtunda ndi wamchenga, chimanga chake sichifika ndi Khirisimasi yomwe. Chimene chinawatsalira ndi dimba. Dimba limeneli ndi limene limadyetsa iwo ndi mwana wawo Tikondwe, amene anabwerera ku ukwati ali ndi khanda kumsana ndiponso chifuwa chosatha.

Madzi a dimbalo amachokera pa kasupe wotumphuka pakati pa nkhalango, pansi pa mkuyu waukulu wozunguliridwa ndi mitondo. Ngakhale mu Okutobala, pamene nthaka imaotcha kuphazi, kasupeyu sauma. Kale akasupe analipo awiri, wina kuseri kwa phiri. Kumeneko anthu anadula mitengo n'kuotcha makala, ndipo sipanapite nthawi kasupe wawo anauma gwaa. Amayi amene ankalima madimba kumeneko lero amayenda m'maganyu. A Nangozo zimenezi anaziona ndi maso awo, sanachite kumva.

Tsoka lake, nkhalangoyo si yawo. Ndi ya banja lina la Chisilamu la golosale pa Manjawira. Bambo wa banjalo anatenga malowo kalekale kuti alime fodya, fodya atakana anangowasiya, tchire n'kubwerera. Atamwalira, malo anatsalira ana ake awiri, Yasin ndi Dauda. Yasin, amene ndi wamkulu, ankati mitengo ikungoima chabe, ipite kwa ootcha makala. Koma Dauda anakhalako ku Joni, pa famu ya nyama zakutchire kumene alendo amabwera kudzasaka. Maloto ake anali oti atchinge mpanda, atenge zilolezo, nyama ziswane, phiri la Masuku likhale ngati kumeneko. Yasin ankangoseka. "Nyama zake ziti? Mbewa?"

Tsiku lina Dauda anakwera ndi njinga yamoto mpaka kudimba. Anawapeza a Nangozo ali ndi makheni othirira m'manja.

"A Nangozo, akuti phirili mumalidziwa ndinu. Nyama zilimo?"

"Zilimo."

"Munazionapo?"

"Mapazi ndimawaona."

"Aaa, za mapazi achimwene anga sangamve. Akufuna kuona ndi maso."

Anatulutsa m'chikwama kabokosi kooneka ngati khungwa la mtengo, kokhala ndi lamba kumbuyo ndi kadiso kutsogolo.

"Iyi ndi kamera. Kumene ndinkagwira ntchito tinkaimangirira pamtengo. Chilichonse chikadutsa kutsogoloku imajambula yokha, palibe chodina. Ndawapempha a Yasin adikire mpaka mwezi watsopano uoneke. Tikapeza chithunzi cha mbawala, ngakhale imodzi, nkhalango yapulumuka. Tikapanda kupeza, nkhwangwa zikulowa."

"Ndi pakasupe pomwe?"

"Mitondo ya pakasupe ija ndi imene a makala akuikhumbira."

A Nangozo anatula makheni pansi.

Anakwera limodzi. Mayiwo anasankha msuku woyang'anana ndi matope a pamene nyama zimamwera, Dauda n'kumanga lamba cha m'chiuno mwa munthu. Ali mkati mofotokoza foni yake inalira. Anatsika akuyankhula, n'kutembenuka kamodzi kokha.

"Muziisamala, mayi. Ndi imodzi yomweyi, ndipo kuno simungaipeze."

Mawu amenewo ndiwo anawononga zonse.

Dzuwa litapendeka a Nangozo anakwera kuti akaione. Anaima pansi pa msuku uja mtima uli m'mwamba. M'phirimu mumadutsa otola nkhuni, okumba mbewa, abusa a mbuzi. Chinthu cha ku Joni chigone pamtengo chokha? Kwathu kuno katundu wa eni sagona panja. Ukabwereka khasu umalilowetsa m'nyumba, ukabwereka mtondo wosinjira nawo umaukunkhuniza mpaka kuseri kwa chitseko. Nanga ichi chikasowa adzawayang'ana bwanji a Dauda? Ndiponso mdima ukagwa chingaone chiyani? Anakumbukira wojambula zithunzi wa pamsika, amene amakalipira anthu kuti, "Bwerani padzuwa apa, kumeneko kuli mthunzi!" Ngati kamera imakana mthunzi wa mango, nanga mdima weniweni?

Anamasula lamba. Anaikulunga m'chitenje, n'kuiika pansi pa mpiru m'dengu. Kunyumba anaitsitsira mumtsuko wakale wa malemu apongozi awo, pamwamba n'kuvundikira mbale. Kum'mawa kukuyamba kufiira anali atakaimanga kale pamalo pake. Anachita chomwecho tsiku limenelo, mawa lake, ndi masiku onse otsatira.

Chowawa chake chinali chakuti a Nangozo ankadziwa bwino kuti nyama zimamwa mdima ulipo. M'mawa uliwonse ankapeza mapazi atsopano m'matope, kutsogolo kwenikweni kwa msuku wopanda kanthu. Tsiku lina madzi anali akadali ovunduka, ziboda za mbawala zitalowa mwakuya, pambali pake tiziboda tating'ono ngati zala za khanda. Anangochedwa pang'ono chabe. Anakhala pamwala n'kugwira pakamwa.

Ndiye anaganiza zoti nyamazo aziphunzitse kubwera masana. Anathira mchere pachitsa, mchere umene Tikondwe ankausunga m'kabotolo. Anamwaza madeya, makoko a chinangwa, kholowa. Analeka kusamba ndi sopo kuti fungo lisatsale m'njira. Anayamba kuthirira dimba mochedwa, dzuwa litakwera, moti tomato anayamba kufota m'masamba. Mcherewo anabwera kudzanyambita ndi mbuzi za m'mudzi.

Lachisanu, amuna atatuluka mumzikiti, a Nangozo anatsika ndi kamera ija pa Manjawira monga anapangana ndi Dauda. Mugolosale munali Najma, mkazi wa Dauda, akupima shuga m'timapepala. Anawapatsa kampando koma iwo anakhala pansi, pafupi ndi zigubu za mafuta. Dauda anatsegula kamera, n'kusolola kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukalowetsa m'foni. Yasin anaima kumbuyo kwake, chikofiya chili pamutu, manja kumbuyo.

"Mbuzi," anatero Yasin. "Mbuzi ina. Iyi ndiye ndikuidziwa, ndi ya a Julius. Eee, nayi nyama yaikulu tsopano!"

Anali a Nangozo eni ake, mphuno ili pafupi ndi kadiso, akumanga lamba. Najma anaseka n'kubisa nkhope mu mpango.

"Nanga izi zoyera mbee?" anafunsa Dauda akuseweretsa chala. "Zambirimbiri, palibe chooneka. Kaya ndi nkhungu, kaya mabatire."

"Yatopa iyo," anatero Yasin. "Yazolowera nyama za azungu. Dauda, mng'ono wanga, mwezi watsala kachidutswa. Ine mawu ndinapereka kale kwa anthu."

A Nangozo anafuna kuyankhula. Anafuna kunena za tiziboda tija, za minga ya nungu imene anatola panjira, za kasupe wakuseri. Koma mugolosale munalowa anthu ogula. Anangolandira kamera ndi manja awiri, n'kuikulunga.

Pobwerera anadutsa pakhomo pa Julius, mng'ono wa malemu amuna awo. Ndiye mkulu wa ootcha makala kumudzi kuno. Anamupeza atakhala pamwala, akunola nkhwangwa, zina zitatsamira khoma.

"Alamu! Mwabwerako ku situdiyo? Ine mudzandijambula liti? Ndivale jekete?"

"Alamu, madzi aja ana anu amamwa omwewo."

"Madzi amagwa kumwamba, alamu. Ana angawo akufuna yunifomu, kodi avala madzi? Inu mukanalola kulowa m'nyumba muno achimwene atapita, bwenzi mukudya za makala zomwezi."

"Ndikanafa ndi utsi."

Julius anaseka mpaka nkhwangwa inagwa. Koma a Nangozo atafika kuseri kwa nkhokwe anamva mwala ukuliranso, kwee, kwee. Julius si munthu woipa. Chaka chimene munda wake unakokoloka ndi madzi ndi pamene anagwira nkhwangwa, ndipo sanaitulenso.

Masiku otsatirawo a Nangozo sankadya. Tikondwe akafunsa ankangoti mutu. Ankati akayang'ana mizere ya tomato, m'maso mwawo ankaona dothi long'aluka, ndi iwo eni ali ndi khasu paphewa akuyenda khomo ndi khomo kufunsa ganyu, mwana wodwala atamusiya pamphasa. Anapemphera. Anafika mpaka poyankhula ndi malemu amuna awo ali pakasupe. "Inu a Silvester, nyamazi munkazidziwa ndinu. Munazipha zambiri. Tumizani imodzi yokha dzuwa likuwala, ingodutsa basi."

Yankho limene linabwera linali lina. Tsiku lina masana, ali pakati pothirira, Tikondwe anatsika kudimba akuthamanga ndi kutsokomola, foni ili m'manja.

"Amayi, ku Kasinje kwagwa zovuta. Amalume a Chrispine atisiya."

Chrispine anali mlongo wa a Nangozo mmodzi yekhayo, amene anawaperekeza pa ukwati. Anagwetsa makheni, n'kuyamba kulira. Amayi a m'mudzi anabwera, wina kuwagwira dzanja, wina kuwamanga chitenje m'chiuno, wina kukaitana wa kabaza. Zonse zinachitika ngati kumaloto. Anadzakumbukira ali kale m'minibasi, phiri la Masuku likuoneka kutali ngati chulu. Kamera ili pamtengo.

Anafuna kukuwa kuti dalaivala aime. Koma munthu wopita kumaliro a mlongo wake angabwerere panjira chifukwa cha kabokosi? Angawauze chiyani anthu? Foni inatsala ndi Tikondwe, ndipo Tikondweyo ndi chifuwa chake sangakwere phiri.

Pasiwa mlongo wa malemu sachoka. Amakhala m'nyumba ndi amayi anzake, pafupi ndi mutu wa bokosi, ndipo aliyense wofika amadzagwa pamiyendo pake. A Nangozo analira mpaka mawu anatha. Amayi a mvano ankawasisita pamsana. "Ankakondana anthuwa, taonani mmene akulirira." Zinali zoona, ankakondana. Koma pakati pa misoziyo panali ina imene sakanaiulula kwa munthu. Dzuwa likamalowa, nyimbo zili mkati, iwo ankaona m'maganizo dzanja la munthu likumasula lamba. Ankachita manyazi ndi mtima wawo womwe. Mlongo wako wagona apa, iwe ukuganiza za katundu wa eni!

Maliro anachedwa kuikidwa chifukwa ankadikira mwana wa malemu wochokera kumpoto. Ataika, panali zokambirana za pabanja, ndipo iwo monga wamkulu wotsala sakanathawa. Madzulo ena akutuluka kukasamba m'manja anakweza maso. Kumadzulo, pamwamba pa mitengo, kamwezi katsopano kanali lende ngati chikhadabo chowengedwa.

Anafika kumudzi m'mawa, koma sanalowe m'nyumba. Ali pamphambano anamva kale. Kho! Kho! Kho! Kenako phokoso la mtengo ukugwa, ndi amuna akukuwa. Anathamanga mayi wamkulu, nsalu yamaliro ikadali kumutu. Kumunsi kwa nkhalango kunali kutayera. Mitengo inali ngundangunda, masamba akadali aawisi, ndipo uvuni umodzi unali utaundidwa kale dothi.

Julius anaimitsa nkhwangwa. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Pepani ndi zovuta, alamu. Ife atiuza kuti tiyambe. Pakasupe tifika mawa kapena mkuja."

A Nangozo anangomudutsa. Anakwera akugwira maudzu, minga ikuwakala m'miyendo. Pafupi ndi msuku uja anatseka maso, kuopa kuona lamba wodulidwa. Atatsegula, kabokosi kanali pomwepo, phee, kangaude atalukapo ndi ukonde.

Anakakumbatira ngati mwana wotayika. Za zithunzi sanaziganizire n'komwe, chiyembekezo chinali chitatha. Ankangofuna kukabweza chinthu cha eni chili chamoyo, kenako akagwade pamaso pa Yasin, apemphe kuti awasiyireko mitondo ya pakasupe yokha. Anatsika wapansi mpaka pa Manjawira.

"Ndabweretsa katundu wanu, bambo," anatero kwa Dauda. "Mundikhululukire. Ndinali kumaliro, ndiye yagona panja masiku onsewa. Sindinachitire dala."

Dauda sanamvetse bwino. Anapepesa za maliro, n'kulowetsa kakhadi m'foni mwaulesi, ngati munthu wongotsiriza mwambo. Mbuzi. Zoyera mbee. Mbuzi. Kenako chala chinaima.

"Najma! Kaitane achimwene. Thamanga!"

Anawatembenuzira foni. Chithunzi chinali chotuwa ngati phulusa, chopanda mtundu, koma chilichonse chinkaoneka: mkuyu, mwala umene amakhalapo, matope. Ndipo pamatopepo panaima mbawala yaikazi, makutu ali njo, maso akuwala ngati makala a moto. Pansi pa mimba yake kamwana kakuyamwa. Chithunzi china, nguluwe zitandandalika mzere. China, nungu. China, mbawala yamphongo ya nyanga zopotoka, ikuyang'ana kadiso ngati ikufunsa kuti ndiwe yani.

"Koma apa ndi mdima," anatero a Nangozo. "Yaona bwanji?"

"Ntchito yake ndi imeneyo, mayi. Imaona mumdima kuposa kadzidzi." Kenako Dauda anawayang'anitsitsa. "Dikirani. Mwati yagona panja masiku amaliro. Nanga masiku ena onse aja inkagona kuti?"

"Mumtsuko."

"Mumtsuko?"

"Munati ndiziisamala."

Najma, amene anali atangolowa ndi Yasin, anagwira khoma kuseka. Dauda anagwira mutu ndi manja awiri. "Zoyera mbee zija chinali chitenje! Ine n'kumanamizira mabatire. Kulakwa n'kwanga, sindinakuuzeni."

A Nangozo sanaseke. Ankawerengera mumtima mitengo imene yagwa kumunsi kuja, mitengo imene ikanakhala chiimire akanangofunsa funso limodzi tsiku loyamba lija. Misozi inatsika yokha.

Yasin anatenga foni, n'kuiyandikitsa kumaso, n'kuitalikitsa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Si za ku Joni izi? Sunazibweretse m'foni momwemu?"

"Mwalawo simukuudziwa, achimwene? Si pamene ababa ankatawazira asanapemphere akabwera kumunda?"

Yasin anabweza foni pang'onopang'ono.

"Imene yagwa yagwa, aotche. Anthu aja sangabwerere manja okha. Koma asawoloke kanjira ka nkhuni, kumtunda konse asiye." Analoza mng'ono wake ndi chala. "Ndakupatsa mpaka chilimwe chamawa. Mpanda wako ndiuone. Ndikapanda kuuona, usadzandionetsenso zithunzi."

A Nangozo anawomba m'manja mwaulemu, atagwada. Atadzuka anapeza mphamvu ya mawu amene sanawakonzekere.

"Chimodzi chokha, bambo. Zithunzizi musaonetse ogula. Ndinakwatiwa ndi mlenje ine. Zikamveka pamsika pano, mawa phiri lonse ladzaza agalu."

Dauda anayang'ana pakhomo, pamene anthu angapo anali atayamba kale kusuzumira, n'kuika foni m'thumba. Anawakweza panjinga yamoto kuti akafike nkhwangwa zisanawoloke kanjira.

Julius anamva uthengawo nkhope ili gwa. Anapukuta thukuta, n'kuyang'ana mitondo ya kumtunda ngati munthu woyang'ana mbale imene amulanda.

"Mwandidyera, alamu."

"Mukabwere mudzatenge tomato."

"Tomato amagula yunifomu?"

Mpaka lero moni wa Julius ndi wozizira. Kumunsi kwa phiri kuli zitsa zokhazokha ndi mabala akuda a mauvuni, ndipo mphepo yotentha imalowa m'nkhalango mmene sinkalowera kale. A Nangozo m'mawa uliwonse amaviika dzanja pakasupe kuti amve ngati madzi akutsika. Mpanda wa Dauda wafika mizati yowerengeka, waya sanabwere, ndipo chilimwe sichichedwa. Sabata yatha a Nangozo anakumula khwekhwe loyamba, msampha wa waya, panjira ya mbawala. Winawake anamva ndithu.

Koma chimene chimawavuta kwambiri mpaka pano ndi madzulo. Amakwera, amapukuta kadiso ndi nsonga ya chitenje, amayesa lamba ngati walimba. Kenako amayenera kutembenuka n'kusiya katundu wa eni pamtengo. Amatsika pang'ono, n'kucheuka. Amatsikanso, n'kucheuka. Pofika kudimba kumakhala kuli chisisira, dengu lili lopepuka pamutu, ndipo pansi pawo madzi akuyendabe m'ngalande, kulowera ku mizere ya tomato.